Tsitsi la Munthu Wakufa Siligona Choncho

Mukakwera mpaka pomwe basi imatembenukira, n'kutsika masitepe asanu ndi atatu kudzanja lamanja, mupeza chitseko chobiriwira chomwe penti yake inayamba kusupuka ambirife tisanabadwe. Pamenepo ndi kometera kwa Don Eliécer Cardona. Palibe nyuzipepala ya mu Medellín muno imene inalembapo dzina lawo, ndipo eni akewo akadzamva kuti wina wawalemba adzatukwana tsiku lonse. Atukwane. Zimene zinachitika m'kachipinda kameneka chaka chino n'zoyenera kuti anthu akutali nawonso azimve.

Don Eliécer anabadwira kumudzi, kumapiri kolimidwa khofi, mwana wachisanu ndi chiwiri m'nyumba ya ana khumi ndi mmodzi. Sukulu anailekezera m'kalasi lachitatu, poti khofi akapsa bambo awo ankafuna manja onse kumunda. Kumeta anakaphunzirira ku usilikali, komwe kametedwe kanali kamodzi kokha, mpala, ndipo wodandaula ankathamangitsidwa kuzungulira bwalo. Atavula yunifolomu anabwera mumzinda muno ndi sizasi ziwiri, lezala ndi chipeso m'thumba la jekete. Mpando anagula kwa dokotala wa mano amene ankatseka ntchito yake. Mpandowo ulipobe mpaka lero, ndipo munthu ukakhalapo n'kupendeketsedwa chagada umayamba kuyendera mano ako ndi lilime. Anakwatira mayi wina wosoka, Doña Rosalba, amene matenda a shuga anawatenga zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Ana awo awiri ali ku Spain, amaimba foni pa Khirisimasi. Tsopano Don Eliécer ali ndi zaka 69, ndipo mutu wawo ndi dazi lokhalokha, chinthu chimene aliyense wolowa koyamba amayesa kuseka nacho.

"Langa ndinaphunzirirapo ntchito mpaka linatha," amayankha choncho. "Khala pansi, lakolo ndiligwira bwino."

Kunja kwa chitseko, pansi pa kadenga ka malata, kwa zaka 31 pakhala pali chiwaya cha Doña Ligia Ocampo, mayi wamasiye wokazinga empanada, timikate ta ufa wa chimanga tokhala ndi nyama m'kati. Si mkazi wawo, si mlongo wawo. Anthu anayesa kuwanena, makamaka Doña Rosalba atamwalira, koma anatopa okha poona kuti palibe chikutuluka. Chimene chinalipo ndi ichi. Tsiku lililonse 3 koloko masana, nthawi imene ometetsa amachepa ndipo ogula amakhala atakhuta, Doña Ligia ankachepetsa moto, n'kulowa ndi timakapu tiwiri ta khofi wakuda, n'kukhala pabenchi la odikira. Kwa ola lathunthu ankakangana. Za mpira, za ulaliki wa ansembe, za amene maondo ake akupweteka kwambiri. Sabata la maliro a Doña Rosalba khofiyo anabwera. Nthawi ya mliri, zitseko zili zotseka, anabwerabe, n'kuikidwa pazenera. Don Eliécer sankaliganizira ola limeneli, monga munthu saganizira za kupuma kwake.

Kenaka kunabwera Lisandro.

Lisandro ndi wa m'sewero la pa TV, koma kwathu kuno ankatchulidwa ngati mnansi wa nyumba yachitatu. Seweroli limaonetsedwa madzulo n'kubwerezedwa mawa lake 3 koloko masana. Limayamba Lisandro ali wotsuka mabasi, nsapato zong'ambika, mayi ake akuchapira anthu olemera. Kenaka akuba matayala, kenaka akunyamula timaphukusi ta ufa woyera wozunguza bongo uja, kenaka wapatsidwa mfuti. Ndipo nthawi iliyonse akapha munthu amapita kokameta, n'kuuza wometa kuti amulembe mzere umodzi ndi lezala pamwamba pa khutu lamanzere. Pofika sabata lachisanu ndi chimodzi anali ndi mizere itatu, galimoto yofiira, ndi nyumba imene anagulira mayi ake.

Tinene zoona. Don Eliécer ankalikonda seweroli, ndipo ankalikonda kwambiri. Lisandro ankayankhula ngati ife, ankadya ngati ife, ankakwera masitepe ngati athuwa. Tsiku limene Lisandro anagwaditsa bwana wake wakale wa mabasi n'kumuuza kuti atsuke matayala ndi malaya ake omwe, Don Eliécer anaseka mpaka anasiya makina akulira okha patebulo. Ka TV kawo, komwe kale kankayatsidwa pa mpira pokha, tsopano kankayatsidwa 3 koloko isanakwane. Anyamata anali mbwee, aliyense akufuna mizere. Dzanja la Don Eliécer silinjenjemera, mzere wawo umatuluka wowongoka ngati aikapo rula, ndiye mbiri inafika mpaka kumisewu yakumunsi. Benchi linkadzaza, ena n'kumaonerera pazenera.

Osasowa anali awiri. Wina ndi Don Gildardo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene amabwera tsiku ndi tsiku koma amameta kamodzi pamwezi. Wina ndi Duván, wa zaka 24, bambo wa mwana mmodzi, woperekera katundu pa njinga yamoto, amene ankakonza maulendo ake mwakuti 3 koloko izimupeza pafupi.

"Madala, lero mundiwonjezere wachitatu," anatero Duván tsiku lina, akudziponya pampando.

"Wachitatu wa chiyani? Wapha ndani iwe?" anafunsa Don Gildardo ali pabenchi. "Mphemvu?"

"Mphemvu yomweyo anaitana mkazi wake kuti adzaphe," anatero Don Eliécer akumumanga nsalu pakhosi.

"Sekani. Tsiku lina mudzandiona m'galimoto yofiira. Inu mudzakweza dzanja, ine ndidzakweza galasi."

"Uyambe wakonza buleki ya njingayo, bwana. Dzulo ndinakuona ukuima ndi nsapato."

"Chete, chete, yayamba!"

Tsiku limenelo Doña Ligia analowa ndi timakapu tawo monga mwa masiku onse. Kwa masabata angapo anali akupanikizika kumapeto kwa benchi, osayankhula, akumwera khofi wawo m'phokoso. Koma tsikulo malo panalibe, ndipo palibe anawaona kuti awasunthire. Pa TV, Lisandro anali kumbuyo kwa njinga yamoto, akuyandikira anyamata atatu oima pakona. Mfuti inalira. Chipinda chonse chinadzuka.

"Eee! Wamaliza!"

"Onse atatu, aise! Onse atatu!"

"Mizere isanu ndi umodzi!" anakuwa Duván, mutu ukuthawa lezala.

Nawonso Don Eliécer anamenya chipeso pantchafu. Atacheuka anaona kakapu kamodzi pashelefu, pafupi ndi botolo la mafuta, kakutuluka nthunzi. Mwini wake anali atatuluka.

Mawa lake khofi sanabwere. Tsiku linzakelo sanabwerenso. Don Eliécer anati ndi maondo. M'mawa moni ankapatsana bwinobwino, "Mwadzuka bwanji, mayi?" "Tadzuka, kaya inu," basi. Masabata atatu anatha choncho, ndipo n'zochititsa manyazi kunena, koma iwo ankazindikira kuti khofi sanabwere sewero litatha kale.

Lolemba lina m'mawa Don Eliécer akusesa pakhomo, Doña Ligia anayankhula osadzutsa maso pachiwaya.

"Loweruka la sabata lamawa kukubwera galimoto. Ndikupita kwa mwana wanga ku Pereira."

"Kokacheza?"

"Galimoto ya katundu, akulu inu. Munthu amapita kokacheza ndi bedi?"

Tsache linaima. "Mwadwala?"

"Ndili bwino kuposa inu."

"Nanga chavuta n'chiyani? Zaka zonsezi Marleny wakhala akukuitanani, inu mukukana, mukuti kumeneko kulibe anthu, kuli mvula yokhayokha."

Doña Ligia anatembenuza empanada imodzi, ina, inanso. Kenaka anawayang'ana.

"Anyamatawa sindikuwada, sakudziwa kanthu. Gildardo ndi chitsiru chibadwire. Koma inu, Eliécer. Inu ndi amene munamupesa."

Anabwezera maso pachiwaya.

M'zaka zoipa zija za zigawenga za mankhwala ozunguza bongo, pamene sabata silinkatha popanda maliro mumsewu uno, Don Eliécer anali ndi ntchito yachiwiri imene sinalembedwe pachitseko. Mtembo ukabwera kunyumba unkabwera atangouveka suti mothamanga, poti okonza maliro anali ndi ena khumi odikira. Amayi sankalola kuti mwana wawo aonedwe choncho. Ndiye m'mawa, anthu asanayambe kudutsa pabokosi, ankatumiza uthenga kometera. Don Eliécer ankatseka chitseko, n'kutenga kachikwama, n'kupita. Akabwerako ankasamba m'manja n'kutsegulanso, osanena kanthu kwa aliyense. Mmodzi mwa anyamatawo anali Albeiro, mwana woyamba wa Doña Ligia, wa zaka 17. Anawomberedwa pakona pomwe basi imatembenukira, pamodzi ndi anzake awiri, akudikira basi yopita kumpira. Owomberawo anali anyamata awiri pa njinga yamoto, amene akuluakulu awo ankawayesa ngati ali ndi mtima. Mwezi wotsatira Doña Ligia anabweretsa chiwaya chawo pakhomo pa Don Eliécer. Chiyambire pamenepo, dzina la Albeiro silinatchulidwepo pakati pawo ngakhale kamodzi.

Lolemba lomwelo 3 koloko, Don Eliécer anazula waya wa TV kukhoma.

"Yafa," anatero.

Anyamata anayang'ana waya wolendewera, anayang'anizana, n'kutuluka mmodzimmodzi kupita kometera kwina kumunsi, komwe kuli TV yaikulu ngati chitseko. Don Gildardo anatsala mphindi zisanu chifukwa cha ulemu, kenaka anakumbukira kuti ali ndi mankhwala oti akamwe. Don Eliécer anakhala okha pampando wa mano uja, khutu lili kukhomo. Ola linatha. Ndiye Doña Ligia anasuzumira, m'manja mulibe kanthu.

"Mwazimitsa chifukwa cha ine?"

"Yafa."

"Bodza silikuyenerani, mumachita thukuta padazi. Yatsani. Ine si wapolisi woti muzindibisira zinthu. Mukazimitsa kuno, Lisandro wanuyo akupha kumunsi, anyamata akuwomba m'manja kumunsi. Chasintha n'chiyani?"

"Ndiye nditani, mayi?"

"Palibe. Zimetani anthu."

Mawa lake anayatsanso. Masiku anayamba kutha ngati sopo woiwalika m'madzi. Anaganiza zopita kunyumba kwa Doña Ligia ndi maluwa, koma zaka 31 anali asanawapatsepo duwa, ndipo anthu akanayambanso kunena. Anaganiza zopepesa, koma kupepesako kukanafuna kutchula dzina lija. M'mawa uliwonse ankaona kuti pakhomo pakuchepa chinthu. Katebulo kanapita kwa mnansi. Ambulera inapita kwa wogulitsa zipatso. Pa 3 koloko ankayang'anabe sewero, poti maso anali atazolowera, koma kuseka kunali kutawachokera.

Lachiwiri la sabata lomaliza, Duván anali pampando, akuwonjezera mzere wina. Pa TV panali maliro. Lisandro anali ataphetsa mnzake amene ankatsuka naye mabasi kale, ndipo anabwera kumaliroko atavala zakuda, atanyamula nkhata ya maluwa. Kamera inayandikira pabokosi. Mnyamata wa m'katimo anali wosalala masaya, tsitsi lonyezimira litaimitsidwa kutsogolo.

"Taonani mtima wa munthu," anatero Duván. "Wamupha yekha, wabweranso ndi nkhata. Ameneyu ndi katswiri."

"Nkhata yake yaposa ya mayi wa malemu," anatero Don Gildardo.

Don Eliécer sankamvetsera. Ankayang'ana mutu wa mnyamata wa m'bokosi ndi diso la ntchito, monga mmisiri amayang'anira khoma lomanga mnzake, ndipo mawu anatuluka okha.

"Amene wapesa mwanayu sanagwirepo munthu wakufa."

"Mwati bwanji, madala?"

"Tsitsi la munthu wakufa siligona choncho. Taliona, laima ngati akupita kudansi. Ameneyu dzulo anamuwombera apa." Anagwira Duván ndi chala pamwamba pa khutu, pomwe panali mizere. "Ndiye tsitsi umalipesera mbali ino, ulitsitse, libise. Likakhala lalifupi umadula lakumbuyo, komwe wagonera, n'kulimata ndi sera ya kandulo. Ndevu sumeta ndi sopo. Khungu lake silikokeka, ndipo likachekeka silitseka. Umapaka mafuta, n'kumeta pang'onopang'ono motsata tsitsi. Ndipo uzimuyankhula. Ukapanda kumuyankhula, manja amanjenjemera."

TV yokha inkaimba nyimbo yake yamaliro.

"Inu mwazidziwa bwanji zimenezi?" anafunsa Duván, akuwayang'ana pagalasi.

Anayankha ndi Don Gildardo, ndipo mawu awo sanali a nthabwala aja. "Ukuganiza kuti malume ako Norbey anawapesa ndani?"

"Aja a pachithunzi cha pabalaza?"

"Omwewo."

"Agogo sanena kanthu za iwo. Amangoyatsa kandulo."

"Anali ndi tsitsi ngati lakoli," anatero Don Eliécer, "lolimba, lokana chipeso. Linandivuta ali moyo, linandivutanso atafa. Ankabwera kuno akuti akufuna kuphunzira kumeta, chonsecho akufuna kuona atsikana akusukulu akamadutsa pazenerapo. Miyezi inayi, sanaphunzire ngakhale kugwira sizasi."

"Analipo angati, madala?" anafunsa wina ali pazenera.

"Sindinkawerenga. Owerenga ndi a Lisandro."

Koma anayamba kuwatchula. Dzina, msewu, mayi ake, tsitsi lake. Uyu ankakonda mafuta onunkhira. Uyu ankaopa lezala mpaka ankatsinzina. Uyu ndevu zinali zisanamere n'komwe. Dzina lililonse linkagwera munthu. "Ameneyo ndi mchimwene wa bambo anga!" "Ameneyo ndine ndinatenga dzina lake!" Don Gildardo ankawonjezera pawo, poti ndi iwo ankanyamula anthu pabasi kupita kumanda. Wina anatsitsa mawu a TV, palibe akudziwa kuti ndani. Ndipo poti mayina akayamba kutuluka amakokana, linatulukanso lija.

"Ndi Albeiro wa Doña Ligia. Goloboyi. Mpira sunkamudutsa."

Atangonena anagwira pakamwa. Koma Duván anali atadzuka kale, nsalu ili pakhosi, mzere uli theka.

"Doña Ligia omwewa? Anali ndi mwana wamwamuna?"

"Khala pansi iwe!"

Sanamve. Anatuluka choncho ndi nsalu yakeyo, ndipo onse anamumva akufunsa panja, mwaulemu ndithu, ngati n'zoona kuti mwana wawo anali goloboyi.

Pasanathe mphindi Doña Ligia anali pakhomo, supuni yaikulu yokazingira ili m'manja, mafuta akudontha pansi. Anyamata anapatuka okha.

"Ndani wakupatsani mwana wanga kuti muzimugawa kwa anthu?"

"Palibe, mayi. Ndalakwa."

"Zaka 31 muli duu. Lero mwamutchula pamaso pa chigawenga chanucho?" Analoza TV ndi supuni.

"Ndalakwa. Linangotuluka."

"Mwawauza chiyani?"

"Kuti anali goloboyi. Kuti mpira sunkamudutsa."

Doña Ligia anawayang'ana nthawi yaitali. Aliyense anawerama, akudikira kulira.

"Bodza," anatero. "Bodza lamkunkhuniza! Albeiro anali goloboyi woipa kuposa onse amene phiri lino linabala. Anamumwetsa zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi. China chinadutsa pakati pa miyendo iye akukweza dzanja kwa mtsikana."

"Zisanu ndi zitatu," anatero Don Gildardo chapansipansi. "Ndinalipo."

"Inu khalani chete, chomalizacho chinali ofusayidi!"

Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Kenaka Doña Ligia nawonso anaseka, misozi ikutsika, ndipo chipinda chonse chinamasuka. Duván anapukuta mpando wa mano uja ndi nsalu yake, ndipo mayiwo anakhalapo, koyamba chibwerere pakhomopo. Anafotokoza kuti Albeiro sankachotsedwa pagolo chifukwa ankaba empanada m'khitchini n'kumadyetsa timu yonse. Kuti magolovesi ake anali a bambo ake omangira nyumba, aakulu moti dzanja linkasochera m'kati. Kuti ankafuna kudzakhala wokonza mawayilesi, ndipo tsiku lina anamasula ya m'nyumba, poibwezera n'kutsala ndi tizitsulo tisanu m'manja, wayilesiyo n'kumagwira siteshoni ya mapemphero yokha.

"Tsiku lomaliza ndinamukalipira chifukwa cha sokosi. Anazisiya zonyowa pabedi. Ndinati ukabwerako uchape wekha, ine si wantchito wako. Mawu omaliza amenewo."

Doña Ligia anapukuta m'maso ndi epuloni, n'kucheukira kwa Don Eliécer.

"Tsiku lija munabwera kudzamupesa, ndinali kuseri kwa chitseko. Ndinkamva mukunong'ona. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kufunsa. Munkamuuza chiyani?"

"Kuti asagwedeze mutu," anatero Don Eliécer. "Sankakhazikika pampando mwana uja. Ndinkamuuza zomwe ndinkamuuza nthawi zonse."

Doña Ligia anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo woyenera wa chinthu. Sewero linali litatha kalekale popanda woliona. Chimene chinawadzutsa ndi fungo la empanada zopserera, ndipo anthu anayi anathamangira kuchiwaya nthawi imodzi n'kupanikizana pakhomo.

Duván atabwerera pampando anayang'ana mzere wake watheka pagalasi.

"Musiyeni choncho, madala. Amere yekha."

Si onse anatero. Lachitatu anyamata awiri anapemphabe mizere, ndipo Don Eliécer anawalemba, poti mutu ndi wawo. Sewero nalonso ankalionerabe. Koma malonda akangoyamba, wina ankatsitsa mawu n'kufunsa, "Madala, wa lero ndani?" Ena anabwera ndi zithunzi zochotsa kukhoma la pabalaza. Mayi wina anabwera atakwiya kuti mwana wake watchulidwa popanda chilolezo, ndipo Don Eliécer anapepesa, sanamutchulenso. Mayi wina anabwera ndi keke. Ambirife tinakulira pansi pa zithunzi za anthu amene tinkangodziwa kuti osafunsa za iwo. Tinawadziwira m'kachipinda kameneka, wina kuti ankachita chibwibwi, wina kuti ankaweta nkhunda padenga. Zimenezi sitinaziphunzire kusukulu, ndipo pa TV sizidzaonekapo. Tinapatsidwa ndi wometa wadazi, ulere, pakati pa malonda a sopo.

Koma Don Eliécer mtima sunali m'malo. Lachitatu ndi Lachinayi Doña Ligia ankangoima pakhomo nthawi ya malonda, n'kumvetsera, n'kubwerera. Za Loweruka sananene kanthu, ndipo Don Eliécer ankaopa kufunsa. Lachinayilo anameta munthu wina nsidze imodzi mosadziwa, chinthu chimene sichinachitikepo.

Lachisanu 3 koloko, Doña Ligia analowa, anakankha Don Gildardo ndi chiuno, n'kukhala pabenchi. Anapinda manja pachifuwa. Anaonera Lisandro akugula famu, akuonetsa mayi ake mahatchi, akupsompsona mwana wa ndale wina. Malonda atayamba anafunsa.

"Zatsala zingati zimenezi?"

"Akuti magawo makumi anayi," anatero Don Gildardo.

"Amafa?"

"Amenewa amafa onse, mayi. Koma amayamba alemera kaye, akwatire akazi atatu, agule ndege."

"Ndiye miyezi iwiri."

Anatulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kuiika kutali ndi maso kuti aone manambala. Makina a Don Eliécer anasiya kulira.

"Marleny, mwananga. Uuze wagalimoto uja asabwere mawa. Ayi, sindikudwala. Pali munthu ndikufuna ndimuone ali m'bokosi. Ayi, sukumudziwa, ndi chitsiru china cha kuno. Ikatha miyezi iwiri tidzakambirana. Usandikalipire, ndine mayi ako."

Anabwezera foni m'thumba n'kuyang'ana chipinda chonse.

"Tamverani nonsenu. Onerani, sindikukuletsani. Koma mfuti ikalira, amene awombe m'manja asadzaimenso pachiwaya changa. Adzidya kumunsi."

"Ngakhale tsiku lophedwa Lisandro, mayi?" anafunsa Duván.

Doña Ligia anaganiza kaye. "Tsiku limenelo mudzandiyang'ane ine. Sindinadziwebe."

Miyezi iwiri si zaka, Don Eliécer ankadziwa zimenezo. Komabe Loweruka m'mawa anafika msanga kuposa masiku onse, n'kuima pamwamba pa masitepe, akuyang'ana galimoto iliyonse yokwera phiri, kuopa kuti uthenga sunafike kwa mwini wake. Inadutsa ya gasi. Inadutsa ya mkaka. Kenaka anaona Doña Ligia akubwera pang'onopang'ono ndi ndowa yawo ya ufa wokanda kale, akupumira pa sitepe iliyonse yachitatu. Anathamangira m'kati kuti asaoneke ngati amadikira, anatenga tsache, n'kuyamba kusesa ndi mphamvu zonse.

Mafuta atayamba kulira, mawu anabwera kuchokera pansi pa kadenga.

"Akulu inu! Tsitsi lanulo likuulukira m'mafuta mwanga!"

"Zikomo, mayi."

"Zikomo wa chiyani? Ndati likugwera m'mafuta!"

"Ndamva," anatero Don Eliécer, n'kutembenuza tsache mbali inayo. "Zikomo."